Sikelo Imene Sitiiona

M'nyumba zambiri za kuno kunyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, madzulo alandira mlendo watsopano. Swala ya Isha ikatha, mbale zitatsukidwa, foni imodzi imatsamiritsidwa pa chikho pakati pa mkeka, ndipo banja limamvera shehe amene mwina sanapondepo m'mudzimo. Pansi pa nkhope yake pamakhala nambala yosonyeza kuti kanemayo waonedwa kangati. Nambala imeneyi yalowa m'kalankhulidwe kathu mwakachetechete. Timamva anthu akuti, "A shehe awa ndiwo akudziwa, taonani unyinji wa anthu amene awaonera." Timamvanso achinyamata amene anayamba kujambula maphunziro a Qur'an akudandaula kuti anthu sawafuna, popeza kanema amene anamkonza sabata yathunthu waonedwa ndi anthu osakwana 100.

Otamanda ndi odandaula onsewa akukhulupirira chinthu chimodzi, chakuti nambalayo ndi mawu a anthu. Ife tikutsutsa chikhulupiriro chimenechi. Nambalayo imayamba yadutsa pa sikelo ya mwini msika, ndipo sikeloyo inakonzedwa kuti iziyeza chinthu chosiyana ndi chimene Msilamu amafuna mwa mphunzitsi wake.

Sikelo imeneyi akatswiri amaitcha algorithm, kutanthauza ndondomeko ya masamu imene kompyuta imatsata posankha chochita. Dzinali silachilendo kwa ife. Linachokera ku dzina la Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, pa nthawi ya Khalifa al-Ma'mun. Buku lake la kawerengedwe litamasuliridwa m'Chilatini, azungu analemba dzina lake kuti Algoritmi, ndipo m'kupita kwa zaka mawuwo anayamba kuimira njira iliyonse yothetsera samu potsata masitepe. Choncho kukangana kwathu sikuli ndi masamu, amene makolo athu m'chipembedzo anawalemekeza. Funso lathu ndi lakuti samuyo anaipatsa chiyani kuti iwerenge, ndipo ikuwerengera ndani.

YouTube inayamba m'chaka cha 2005, ndipo kampani ya Google inaigula mu 2006. M'zaka zoyambirira kanema ankakwera pamndandanda chifukwa cha kuchuluka kwa anthu amene amudina. Opanga makanema anazindikira msanga kuti chodinitsa munthu ndi chithunzi chapachikuto ndi mutu wodzidzimutsa, kotero kuti tsambalo linadzaza ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mu 2012 kampaniyo inasintha muyeso n'kuyamba kuwerengera nthawi imene munthu wathera akuonera. Cristos Goodrow, mmodzi wa akuluakulu a zaumisiri kumeneko, anadzafotokoza mu 2021 kuti kusinthako kunatsitsa chiwerengero cha kuonedwa kwa makanema ndi magawo 20 pa 100 alionse nthawi yomweyo. Opanga makanema ambiri amene anagwa m'chakacho sanasinthe kanthu pa ntchito yawo. Chinasintha ndi sikelo. Chaka chomwecho kampaniyo inadziikira cholinga choti anthu padziko lonse azionera maola 1 biliyoni pa tsiku, ndipo mu February 2017 inalengeza kuti yafikapo.

Mmene makinawo amasankhira anazifotokoza okha amisiri atatu a Google, Paul Covington, Jay Adams ndi Emre Sargin, m'pepala limene anatulutsa mu 2016. Ntchitoyo ili m'magawo awiri. Poyamba makina amasefa makanema mamiliyoni n'kutsala ndi mazana ochepa, potengera zimene munthuyo anaonera kale, zimene anafufuza, ndi zimene anthu ofanana naye anaonera. Kenako amasanja mazanawo, n'kuika pamwamba amene akuyembekezeka kumusunga munthuyo nthawi yaitali. Pambuyo pake kampaniyo inaonjezera miyeso ina, monga kufunsa oonera ngati akhutira ndi zimene aona, ndiponso kuwerengera amene ayamikira kapena kugawira anzawo. Komabe mafunso onsewa amakhudza khalidwe la woonera. Palibe pamene makinawo amafunsa ngati hadith yatchulidwayo ndi yolondola, kapena ngati wolankhulayo anaphunzira kwa ndani.

Kukula kwa mphamvu ya kusanjaku kunaoneka mu January 2018, pamene Neal Mohan, amene lero akutsogolera YouTube, ananena kuti magawo oposa 70 pa 100 a nthawi imene anthu amathera patsambalo amachokera ku makanema amene makina awasankhira. Tanthauzo lake kwa wopanga makanema ndi lowawa. Pa mphindi iliyonse patsambalo pamaikidwa makanema a maola oposa 500, ndipo kanema amene makina sanamuike pamaso pa anthu amakhala ngati nsomba yoyanikidwa kuseri kwa nyumba. Ngakhale anthu amene analembetsa kuti azitsata tchanelo chako sangaone kanema wako watsopano ngati makinawo aona kuti oyamba kumuonera anachoka msanga. TikTok inapita patsogolo pa njira yomweyi. Mu 2020 inafotokoza kuti kuonera kanema mpaka kumapeto ndi chizindikiro cholemera kwambiri pa kasankhidwe kake, ndipo kuchuluka kwa anthu otsata munthu sikuwerengedwa mwachindunji. YouTube inayankha ndi timakanema tafupitafupi ta Shorts, timene tinayambira ku India m'chaka chomwecho.

Pamwamba pa izi pali ndalama. Mu 2018 YouTube inaika lamulo loti wofuna kulandirako gawo la ndalama zamalonda akhale ndi omutsata 1,000 ndiponso maola 4,000 oonedwa m'miyezi 12. Wakwanitsa izi, m'maiko amene dongosololi limagwira ntchito, amalandira magawo 55 pa 100 a ndalama za malonda oonetsedwa pa makanema ake aatali. Kampani imapeza phindu munthu akakhalitsa, wopanga kanema amapeza phindu munthu akakhalitsa, ndipo makina anaphunzitsidwa kufunafuna chokhalitsa munthu. Pa atatuwa palibe amene malipiro ake amadalira kuti woonerayo wadzuka pamkekapo ali wodziwa kuposa kale.

Ife akunyanja tili ndi chitsanzo cha zimenezi pafupi. Usiku wamdima asodzi a usipa amalowa m'nyanja ndi chilimila, ndipo siginala amatsogola pa bwato lake atayatsa nyali. Usipa umasonkhana pa kuwalako, iye n'kuukokera pang'onopang'ono kumene khoka laponyedwa. Siginala waluso amadziwa kuwala kumene kumasonkhanitsa nsomba, ndipo ntchito yake imayesedwa ndi kuchuluka kwa zigoba m'mawa. Makina a YouTube ndi TikTok nawo amayesa usiku ndi usana kuti apeze kuwala kumene kumasonkhanitsa maso a anthu. Zimene anazipeza sizodabwitsa kwa aliyense wodziwa mtima wa munthu: mkwiyo, mantha ndi mkangano zimagwira maso kuposa kufotokoza kodekha.

Tikayang'ana makanema achipembedzo amene akufalikira kwambiri m'mafoni mwathu, tiona chizindikiro cha nyali imeneyi. Mitu yake yayamba kufanana: uyu wayankhidwa, uyo wachititsidwa manyazi, chinsinsi chaululika. Mtsutso wa pamsika pakati pa Msilamu ndi Mkhristu, umene unatha maola atatu, umadulidwa n'kutsala mphindi imodzi yokha pamene wina anasowa chonena ndipo khamu linakuwa. Nkhani zimene zatigawa kwa zaka zambiri, monga za mwambo wa maliro, za ziyala, ndi za kuoneka kwa mwezi wa Eid, zimabwerezedwa chaka ndi chaka, nthawi zambiri popanda umboni watsopano, chifukwa mbali zonse ziwiri zimaonera, zimalemba ndemanga ndi kugawira anzawo. Makina sasiyanitsa ndemanga yoyamika ndi yotukwana mmene munthu angasiyanitsire. Amangoona kuti pano anthu akusonkhana.

Choopsa kwambiri ndi chimene kufupikitsa kumachita ku chiphunzitso. Yankho la shehe wodziwa fiqh kawirikawiri limakhala ndi malire ake: ngati zinthu zili motere lamulo ndi ili, zikakhala motere ndi lina, ndipo ophunzira anasiyana maganizo pa mbali iyi. Malire amenewa ndiwo amasonyeza kuti munthuyo anaphunzira. Koma m'kanema wa mphindi imodzi malirewo ndiwo amayamba kudulidwa, popeza ndi pamene chala cha woonera chimapsatira kupita kwina. Chotsala ndi chigamulo chopanda chiyambi. Mayi amene akufuna kudziwa za talaka yake, kapena ana amasiye ofuna kudziwa gawo lawo pa chuma cha bambo awo, akhoza kutenga chidutswa chimenechi n'kuchiyesa lamulo lonse. Apa nkhaniyi yasiya kukhala ya manambala, yafika pa mabanja.

Tiyerekeze aphunzitsi awiri. Woyamba akufotokoza malamulo a kagawidwe ka chuma chamasiye m'maphunziro khumi, lililonse la theka la ola, atayamba ndi kutamanda Allah ndi kupempherera Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. Wachiwiri akuyamba kanema wake ndi kutchula mnzake kuti wasokera. Pa masekondi 30 oyamba, amene YouTube imawaonetsa mwapadera kwa mwini tchanelo, woyamba wataya kale anthu ambiri amene anangodutsa, pamene wachiwiri wawagwira. Makina adzapereka kanema wachiwiriyo kwa anthu enanso, ndipo akaonera adzamupereka kwa ochulukirapo. Pakatha mwezi kusiyana kwawo kudzakhala kwakukulu, ndipo ife tidzati wachiwiriyo ndiye wodziwa.

Palinso njira zina zimene sikeloyi imatiyeza molakwa ife makamaka. Kuno intaneti timaigula ndi bandulo, ndipo munthu amene wazimitsa kanema pakati kawirikawiri wachita choncho posunga ndalama. Makina amawerenga kuzimitsako ngati kunyansidwa. Kuno foni imodzi imaoneredwa ndi anthu asanu ndi atatu pamkeka, koma imawerengedwa ngati munthu mmodzi, ndipo mbiri ya zoonedwa pa foniyo ndi chisakanizo cha ulaliki wa bambo, nyimbo za mwana ndi mpira wa mlamu. Kuno khutba yabwino munthu mmodzi amaikopera m'foni, n'kuitumiza pa WhatsApp kapena kuigawa pa memori khadi, ndipo imafika m'midzi yambiri popanda nambala ya pa YouTube kusuntha. Pomaliza, gawo loyamba la kusefa lija limadalira zimene anthu ofanana anaonera. Olankhula Chichewa ndi Chiyao amene amaonera makanema aatali pa intaneti ndi ochepa poyerekeza ndi olankhula Chingerezi, Chiarabu kapena Chiswahili, choncho makina amakhala ndi zizindikiro zochepa zodziwira woyenera kumupatsa phunziro la tajwid lojambulidwa ku Namwera. Mnyamata amene akulira ndi oonera 100 uja mwina waphunzitsa anthu ochuluka kuposa mmene akuganizira.

Tisaiwalenso kuti wogwira sikelo ndi yemweyo wogulitsa malonda. Mu 2016 Facebook inavomereza kuti kwa zaka pafupifupi ziwiri inkakuza chiwerengero cha nthawi imene anthu amathera pa makanema amalonda, chifukwa posanthula inkasiya kunja onse amene anaonera osakwana masekondi atatu. Mu 2019 inavomera kulipira madola 40 miliyoni kwa otsatsa malonda amene anaisumira. Ife amene timawerenga Surat al-Mutaffifin, imene imadzudzula ochepetsa muyeso, tinazolowera kuyang'anitsitsa chigoba cha wogula usipa padoko. N'zodabwitsa kuti muyeso umene sitingathe kuuona ndi maso ndi umene taukhulupirira popanda kufunsa.

Mtolo wolemera kwambiri umagwera wopanga makanema mwini. Kampani imamupatsa tsamba loonetsa mzere wa oonera, wosonyeza sekondi imene anthu anayamba kuchoka, ndipo kanema aliyense watsopano amaikidwa pa mpikisano ndi makanema ake khumi apitawo. Munthu amene amayang'ana mzere umenewu tsiku ndi tsiku amayamba kuphunzira kwa iwo. Amaona kuti pamene anakweza mawu mzere unakwera, pamene anawerenga umboni unatsika. Palibe amene amamuuza kuti asinthe uthenga, koma pakatha chaka wasintha. Ophunzira athu akale analemba zambiri za riya, matenda ochita ntchito yabwino pofuna kuonedwa ndi anthu, ndipo anachenjeza kuti amalowa mobisika ngakhale mwa anthu opembedza kwambiri. Mlaliki wakale ankangoganizira chabe zimene anthu akumuonera. Wa lero ali ndi chida chomuwerengera maso amenewo ola lililonse.

Chilungamo chikufuna kuti titchulenso zabwino. Makina omwewa ndi amene amafikitsa khutba ya Chiyao kwa mnyamata wa ku Mangochi amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Mayi amene sanapeze mwayi wa madrasa ali mwana akhoza kubwereza sura imodzi kakhumi popanda womuseka. Mphunzitsi wa kumudzi, amene kale akanadikira mpata pa Radio Islam, lero akhoza kumveka popanda kupempha chilolezo kwa wina. Kampaniyo nayo yasinthako zina itadzudzulidwa. Guillaume Chaslot, amene anagwirapo ntchito pa makina a YouTube, ndi wolemba Zeynep Tufekci anali m'gulu la ochenjeza mu 2018 kuti kusanjaku kumakankhira anthu ku makanema opyola muyeso, ndipo mu January 2019 YouTube inalengeza kuti ichepetsa kufalitsa makanema amabodza ndi oyandikira kuswa malamulo ake. Ofufuza akusiyanabe maganizo pa kukula kwa vutolo. Koma kusintha konseku kukutsimikizira mfundo yathu: munthu wina, kutali ndi kuno, akhoza kutembenuza sikelo usiku umodzi, ndipo amene anamanga ntchito yake pa sikeloyo sadzafunsidwa.

Ena anganene kuti woonera ali ndi mphamvu yokana zimene sakufuna. Mphamvuyo ilipo koma ndi yochepa. Mu 2022 bungwe la Mozilla linasanthula zochitika za anthu oposa 20,000 ndipo linapeza kuti kudina chizindikiro chosonyeza kusakonda kanema kunaletsa magawo 12 okha pa 100 a makanema ofanana naye kubweranso. Ngakhale njira yamphamvu kwambiri, youza makina kuti asaonetsenso tchanelo chakutichakuti, inaletsa magawo 43 pa 100. Makina amakhulupirira kwambiri zimene maso athu achita kuposa zimene pakamwa pathu panena. Amene waonera kanema wamkangano mpaka kumapeto kuti amutsutse wamuvotera kale.

Chisilamu sichinayambe lero kulimbana ndi funso la woyenera kumveredwa. Pamene nkhani zonenedwa m'dzina la Mtumiki zinachuluka, ophunzira anakhazikitsa sikelo yawo. Ankafufuza isnad, ndiwo mndandanda wa anthu amene nkhani inadutsamo, n'kufunsa za aliyense ngati anali woona, ngati ankasunga bwino zimene wamva, ndiponso ngati anakumanadi ndi amene akuti anamva kwa iye. Imam al-Bukhari, amene anamwalira mu 870, anasiya kunja kwa buku lake nkhani zochuluka kwambiri kuposa zimene analowetsamo. Pa sikelo imeneyo kutchuka kwa wokamba nthano wokopa khamu pamsika sikunali umboni wa chilichonse. Kuno kwathu, Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anaphunzira ku Kilwa, ndi Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje ankadziwika ndi ophunzira amene anatuluka m'manja mwawo n'kukaphunzitsa ena. Munthu ankafunsidwa kuti, "Unasoma kwa ndani?" Funso limeneli silinakalambe, ndipo likhoza kufunsidwa kwa aliyense wolankhula m'foni.

Kwa abale ndi alongo athu opanga makanema, sitikunena kuti asiye kapena anyoze luso. Mutu womveka bwino, mawu omveka popanda phokoso, ndi kufika pa mfundo popanda kuzungulira ndi ulemu kwa womvera, ndipo makina akathandiza kufalitsa zotero palibe choipa. Malire ali pamene mutu ukulonjeza zimene kanema alibe, pamene dzina la Msilamu mnzathu lasanduka nyambo, ndiponso pamene chigamulo chadulidwa malire ake kuti chikwane m'mphindi imodzi. Wodula kachidutswa ka phunziro asonyeze pamene phunziro lonse lili. Wotchula hadith anene buku limene ikupezeka. Ndipo asamange nyumba yonse pa bwalo la eni: mndandanda wa ophunzira amene amawatumizira maphunziro mwachindunji, ndi darasa la mumzikiti, sizigwa tsiku limene sikelo yatembenuzidwa.

Makomiti a mizikiti ndi mabungwe athu ali ndi gawo lawo. Phunziro la kagawidwe ka chuma chamasiye, la kasambitsidwe ka maliro, kapena la kawerengedwe ka zakaat silidzapikisana ndi mtsutso pa chiwerengero cha oonera, ndipo silifunikira kutero. Likufunika wolilipirira bandulo, wobwereketsa chojambulira mawu chabwino, ndi imamu wolitchula pa Ijumaa kuti anthu akalifunefune ndi dzina. Ntchito yosankha choyenera kumveka inali ya anthu odziwa, ndipo tikaisiya makina adzaigwira mwa njira yawo.

M'nyumba zathu muli zochita zazing'ono zimene zili m'manja mwathu. Tikhoza kuzimitsa batani limene limayambitsa kanema wina lokha woyamba akatha. Tikhoza kufufuta mbiri ya zoonedwa, kapena kuizimitsiratu. Kuyambira mu 2023 YouTube sionetsa makanema osankhidwa ndi makina pa tsamba loyamba kwa munthu amene anazimitsa mbiriyo ndipo alibe yakale. Tikhoza kulemba dzina la mphunzitsi amene tikumudziwa m'malo modikira chimene chibwere. Kanema wotukwana mnzathu tingamupyole osamuonera ndi osamutumiza, ngakhale pofuna kuonetsa ena kuipa kwake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo phunziro la theka la ola limafuna kudekha komweko.

Madzulo ano foni idzatsamiranso pa chikho, ndipo pansi pa nkhope ya wolankhula padzaoneka nambala. Mwana akadzaiwerenga mokweza n'kunena kuti shehe ameneyu ndi wamkulu, kholo limufunse kuti wolankhulayo anasoma kwa ndani, ndipo zimene wanenazo zikupezeka m'buku liti. Ngati pamkekapo palibe wodziwa yankho, funsolo alitengere kwa mwalimu wa pamzikiti mawa ikatha swala ya Fajr.